Chitseko Chimene Sindinagogode

Foni inalira sikisi koloko m'mawa, ine ndikupukuta galimoto. Inali foni ya Ambuye Bishopu, koma inkakhala m'thumba mwanga chifukwa makutu awo anali atayamba kugontha. Akaigwira okha ankangokuwa kuti "Ndani? Ndani?" mpaka woimbayo atatopa.

Ambuye ndinawayendetsa zaka makumi awiri ndi zitatu. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi anali pampando wa ubishopu mumpingo wathu wa Angilikani, zotsalazo atapuma, akukhala m'kanyumba kawo kufupi ndi mtsinje wa Rivirivi. Popuma anawatsanzika ndi galimoto yakale ija, ine n'kupita nayo limodzi ngati jeke. Akazi awo atamwalira tinatsala awiri, iwo m'nyumba yaikulu, ine ya kuseri.

Woimbayo anali Yusufu, mwana wa achimwene awo a Ambuye, wa ku Chikweo.

"A Lameki, bambo atisiya mbandakucha. Tiika lero lomwe, ikangotha swala ya masana. Muwauze bambo aang'ono pompano. Pompano, mwamva?"

"Ndamva."

Ndinamvadi. Ndinalowa m'nyumba, n'kukaima pachitseko cha kachipinda kopempherera, mkono nditakweza kale. Koma sindinagogode.

Chitseko chimenecho chinali ndi lamulo lake. Tsiku lililonse Ambuye ankadzitsekera mmenemo kuyambira hafu faifi mpaka eyiti koloko, kuwerenga, kupemphera, ndi kutchula mayina a ansembe onse amene anawadzoza, mmodzimmodzi, amoyo ndi akufa. Ndinagogodapo kamodzi kokha, chaka choyamba cha ntchito, mkulu wina wa boma atafika ndi galimoto zitatu. Anatuluka, osakalipa ayi, anangondiyang'ana n'kunena kuti, "A Lameki, nthawi imeneyi si yanga. Musadzagogodenso." Manyazi a tsikulo anandikhala m'mafupa zaka zonsezo.

Ndiye ndinatsitsa mkono n'kuyamba kuwerengera mwaudalaivala. Ku Chikweo ndi maola atatu msewu ukakhala bwino. Swala ya masana, pemphero la Asilamu, ndi cha m'ma wani koloko. Tikanyamuka hafu eyiti, tifika nthawi ikadalipo, mpaka kumwa madzi. Ndinabwerera kukamaliza kupukuta galimoto, ndipo ndinaipukuta bwino ndithu, ndi matayala omwe.

Chondipweteka mpaka lero n'chakuti mbiri yake ndinkaidziwa. Ambuye anabadwira m'banja la Chisilamu, dzina lawo Saidi. Anapita kusukulu ya mishoni kukafuna kuwerenga, n'kubwerako atabatizidwa, bambo awo n'kuwachotsa pakhomo. Anakhala mphunzitsi ku Ulongwe, kenako wansembe, kenako bishopu. Chaka chachiwiri cha ubishopu wawo mayi awo anamwalira. Uthenga unawapeza ali pakati pa mwambo wosanjika manja ana mazana awiri, ndipo anati amalize kaye, maliro sathawa. Zaka zambiri ali pakati pa Akhristu, kumene mtembo umadikira mwana wa ku Joni sabata yathunthu, zinali zitawaiwalitsa kuti kwawo munthu sagona pamwamba. Tinafika m'mawa mwake, dothi litauma kale. Amene ankayendetsa galimoto tsikulo ndinali ine ndemwe, ndipo ndinamva ndi makutu anga achimwene awo, Che Amidu, akunena kuti, "Amayi anabala mwana wamwamuna mmodzi. Ndi amene analowa m'manda kuwalandira."

Kuyambira pamenepo abale awiriwo ankangopatsana moni wa pamsewu. Koma chaka chimodzi izi zisanachitike, Che Amidu atayamba kudwala anatumiza mawu kudzera kwa Yusufu: "Saidi adzagwire jeneza langa." Jeneza ndi chithatha chimene Asilamu amanyamulira maliro, amuna akulandizana pamapewa mpaka kumanda. Ambuye atamva mawuwo anakhala tsiku lonse osadya.

Eyiti koloko chitseko chinatseguka. Ndinawauza ndili chogwada.

Anagwira khoma. "Aimba nthawi yanji?"

"Pompano, Ambuye."

Linali bodza langa loyamba kwa iwo, ndipo linatuluka mosavuta mpaka ndinadziopa ndekha.

Tinanyamuka hafu eyiti monga ndinawerengera, iwo atavala malaya awo apepo ndi mtanda pachifuwa. Unali mwezi wa Febuluwale. Kum'mawa, kumene tinkapita, mitambo inali itaunjikana bii, koma mphepo kunalibe ngakhale yogwedeza tsamba la chimanga.

Vuto loyamba linatidikira pa Balaka. Sabata imeneyo mafuta anali osowa, ndipo muthanki munali ongofikira ku Liwonde. Pamalo omwetsera oyamba panali chingwe chotchinga. Pachiwiri panali mzere wa malole wofika mpaka kumsika, madalaivala atayala makatoni pansi pa galimoto zawo, ena akusewera bawo. Ndinapita kwa wothira mafuta chipewa chili m'manja.

"Achimwene, tili ndi zovuta. Muli a Bishopu mugalimotomu."

"Madala, ngakhale mukanakhala ndi mngelo, dizilo kulibe. Thanka yobweretsa mafuta akuti yadutsa pa Ntcheu."

"Liti?"

"Dzana."

Ndikubwerera, munthu wina wa jekete lachikopa ananditsata n'kunong'ona kuti kuseri kwa chigayo kuli zigubu. Zaka zonse za udalaivala wanga mafuta a m'zigubu sindinawakhulupirirepo. Ndinanunkhiza, ndinathira pang'ono pachikhatho, ndinaona kuti mtundu wake ndi wotuwa. Ndinayang'ananso wotchi, inali kota pasiti naini. Ndinagula malita makumi awiri pamtengo umene sindifuna kuutchula, munthuyo n'kusowa ndisanatseke n'komwe pathanki.

Tinadutsa pa mphambano ya ku Mangochi. Ambuye anatembenuka kuyang'ana msewu wopita ku Ulongwe, n'kulankhula koyamba chinyamukire.

"Nditangoyamba uphunzitsi uko, achimwene anabwera panjinga, kuchokera ku Chikweo. Masiku awiri panjira. Anandibweretsera mpunga ndi nsomba zouma, mobisa, bambo asadziwe. Anati, iwe Saidi, zopemphera zakozo n'zako, koma njala ndi yathu tonse." Anatembenukira kwa ine. "Tifika, a Lameki?"

"Tifika, Ambuye."

Pa mlatho wa Shire madzi anali ofiira, atanyamula namasupuni ndi nthochi zozuka ndi mizu yomwe. Asodzi anali atakokera mabwato kumtunda. Ogulitsa nsomba, amene masiku onse amathamangira galimoto, tsikulo anangokhala pansi pa mitengo n'kumationera.

Titapitirira Liwonde n'kuyamba zitunda, injini inatsokomola. Ndinanamizira kuti sindinamve. Inatsokomolanso, n'kugwedezeka ngati munthu wa malungo, utsi woyera uli tolotolo kumbuyo. Tisanafike pa Nsanama inazima, ine n'kuikokera pambali ndi liwiro lotsala. Nditamasula sefa ya mafuta, m'manja mwanga munatsika madzi enieni, oti n'kuchapira. Ndinatukwana munthu wa jekete uja mawu amene sindinawatchulepo chilowere ntchito ya mpingo. Mwamwayi makutu a Ambuye anali ogontha, kapena anachita dala.

Inali hafu teni. Tinasiya galimoto pakhomo pa mayi wina wogulitsa makala, n'kuima pamsewu. Inadutsa lole yosaima. Inadutsa galimoto ya bungwe, magalasi otseka, dalaivala n'kuloza chikwangwani choletsa kunyamula anthu. Ambuye, munthu amene kale ankalandiridwa ndi makwaya pamalire a parishi iliyonse, amayi atayala zitenje pansi, anaima pafumbi atakweza ndodo yawo yoyendera. Ndinawapempha kuti akhale pamwala, anakana.

Minibasi inabwera itadutsa leveni, yodzaza kale. Kondakitala anatiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Ntaja, folo sauzande mutu umodzi. Mafuta avuta, madala, musandiyang'ane choncho."

Sindinatsutse, ine amene ndimatsutsa mtengo wa tomato. Ambuye anawapatsa malo kutsogolo, ine ndinapanikizika kumbuyo pakati pa thumba la feteleza ndi bambo wina wa kofia yoyera, wogulitsa nsalu, wochokera ku Liwonde. Atamva kumene tikupita anapukusa mutu n'kunena mawu achiarabu aja amene amanena akamva za imfa.

"Che Amidu a ku Chikweo? Ndimawadziwa. Munthu wosunga nthawi ameneyo, swala sankaphonya. Ndiye akuluwa ndi ndani wawo?"

"Mng'ono wawo."

Anayang'ana kolala yoyera ya Ambuye, n'kundiyang'ana ine. "Oho. Ndi aja."

Patapita kanthawi anandigwira bondo. "Uthenga munaulandira nthawi yanji?"

"Eyiti," ndinatero motsitsa mawu.

"Iyayi, pamenepo anawo analakwa. Munthu wamwalira mbandakucha, iwo n'kudikira eyiti? Ana a masiku ano!"

Ndinangoyang'ana panja. Mlandu wanga unali utagwera Yusufu, mwana wamasiye wa tsiku lomwelo, ine osatsegula pakamwa.

Pa Ntaja minibasi inati yafika, sipitirira. Ina yopita ku Nselema inali ndi anthu anayi okha, dalaivala akudya chipisi pachiwaya. Aliyense woyenda pa minibasi amadziwa bodza la oitanira, kuti kwatsala munthu mmodzi, ndipo ena okhala mkatimo ndi anzawo ongodzazitsa mipando. Tinakhala. Injini ankailiza n'kuizimitsa, kuiliza n'kuizimitsa. Kunja kunada ngati madzulo, chikhalirecho ndi masana. Amayi ogulitsa zitumbuwa anayamba kuvindikira mabeseni.

Pamenepo mayi wina wonenepa, wa mwana kumsana, anasuzumira pawindo, n'kukuwa.

"Ambuye! Ndinu kodi? Mayo ine! Munandisanjika manja ndili kamtsikana!"

Anagwada m'matope momwemo. Anaitana anzake awiri, wina anabweretsa mwana wodwala. Ambuye anatsika. Ndinafuna kuwakoka malaya. Anaika dzanja pamutu pa aliyense, modekha monga ankachitira pa guwa, kufunsa dzina la mwana, kufunsa ngati apita naye kuchipatala. Atakweranso anandiyang'ana kudzera pakagalasi ka dalaivala.

"Manja omwewa ndi amene anandichedwetsa kwa amayi," anatero.

Sindinathenso kupirira. Ndinapita kwa dalaivala n'kumuuza kuti mipando yotsalayo ndilipira ine, tiyeni. Anapukuta mafuta a chipisi pathalauza, n'kuliza injini, ulendo uno zenizeni.

Mvula inatipeza panjira. Siinayambe ndi madontho ayi, inangokhuthuka. Chopukutira galasi chinali chimodzi, cha mbali ya dalaivala, nachonso cholira ngati mwanapiye. Tinkayenda ngati tikuperekeza mkwati. Ndinayesa kumuimbira Yusufu, foni inalira kawiri n'kuduka. Ndinayesanso, inati sakupezeka.

Tikutsika pa Nselema, mvula itachepa, mawu anamveka kuchokera pa mzikiti wa pamsika, aatali, okoka. Kunali kuitanira swala ya masana. Amuna anayamba kutseka maokala, ena akuthamanga atafunda matumba kumutu. Ambuye, amene samva foni ili pakhutu, anamva. Anaima chilili pakati pa msewu, milomo ikuyenda. Sindikudziwa ngati ankapemphera mapemphero athu kapena ankatsatira mawu amene anakula nawo.

"Swala ndi ya mphindi zochepa," anatero. "Akatha amapempherera maliro ali chiimire. Kenako amanyamula. Sayimba nyimbo, a Lameki, salalika. Amayenda mofulumira."

Kuchokera pamenepo msewu ndi wadothi, ndipo galimoto zinali zitakana kulowa. Tinapeza akabaza awiri a njinga zamoto, amuna akuluakulu ndithu, obisala pakhonde la sitolo. Wamkuluyo anayang'ana Ambuye n'kukayika.

"Agogowa agwira? Kutereratu uko. Ndipo kamtsinje kadzaza."

"Ndigwira," anatero Ambuye, m'Chiyao. Aka kanali koyamba kuwamva akulankhula chilankhulo chawo kwa mlendo.

Ndinawamanga ndi chitenje m'chiuno pamodzi ndi wakabazayo, ngati mwana. Tinayenda m'matope ofiira, njinga zikuvina, miyendo ili pansi nthawi zambiri. Chinangwa ndi chimanga zinali zitagona m'minda. Panjira yonseyo sitinakumane ndi munthu wamwamuna ngakhale mmodzi, amayi ndi ana okhaokha ataima m'makonde. Ndinadziwa kumene amuna apita, koma sindinanene.

Kamtsinje kaja kanalidi kodzaza, madzi akuthamanga pamwamba pa simenti yowolokera. Akabaza anati njinga azinyamula awiriwiri, imodzi kenako inzake, koma munthu aliyense adzionere. Ndinavula nsapato, ndinapinda thalauza, n'kuwerama.

"Kwerani, Ambuye."

"A Lameki, inunso ndinu wokalamba."

"Kwerani!"

Ndinali ndisanawakalipirepo chiyambire. Anakwera. Ndinkayembekeza kulemera, koma anali opepuka ngati thumba la madeya, ndipo zimenezi zinandiopsa kuposa madziwo. Mtanda wawo unkandibaya pamsana. Madzi anafika m'ntchafu, ozizira, akukoka. Tili pakati anayandikitsa pakamwa kukhutu kwanga.

"Mulungu akudalitseni. Mwachita zonse zimene munthu angathe."

Phazi langa linaterereka pamenepo, pang'ono tigwe tonse. Ndikanakonda akananditukwana.

Tinafika kumudzi cha m'ma fili koloko. Wakabaza wanga ndiye anali patsogolo, choncho ndinayamba kuona ndine. Panjira yochokera kumanda kunkabwera gulu la amuna, makofia oyera, akuyenda pang'onopang'ono, mapazi ali matope. Pakati pawo anthu awiri okha ananyamula jeneza, wina kutsogolo wina kumbuyo, m'manja osati pamapewa. Nsalu yobiriwira yofunditsira inali yopindidwa pamwamba.

Njinga ya Ambuye inaima pambali pathu. Ndinamasula chitenje. Anatsika, anayenda okha mpaka pajenezapo, anthu n'kupatuka. Anagwira mtengo wake ndi manja awiri, n'kungoima choncho. Onyamulawo sanadziwe chochita, ndiye anaima nawo.

Yusufu anatuluka m'gulumo, maso ofiira, zovala zonse dothi chifukwa ndiye analowa m'manda.

"Bambo aang'ono, tinadikira. Shehe anati tinyamule swala itangotha, ine ndinakana, ndinati bambo anasiya mawu. Tinakhala ola lathunthu ndi kupitirira. Koma madzi anayamba kulowa m'manda, tinkachita kukapa ndi ndowa. Sitikanatha." Anayang'ana kumanda. "Mukanafika hafu thuu, mukanagwira. Ine ndinaimba sikisi koloko kuti mukhale ndi nthawi."

"Sikisi?" anafunsa Ambuye.

"Eya, sikisi. Ndinalankhula ndi a Lameki."

Ambuye sanatembenuke. Ine ndi amene ndinazungulira kukaima patsogolo pawo, pamaso pa amuna onse a m'mudzimo, n'kugwada m'matope.

"Ndi zoona, Ambuye. Munali mutatseka chitseko. Ndinaima pamenepo, ndinaopa kugogoda. Ndinakunamizani."

Ndinkafuna andimenye ndi ndodo ija. Anandiyang'ana nthawi yaitali, monga anandiyang'anira chaka choyamba chija, koma nkhope inali ina.

"Anakuuzani kuti musadzagogodenso ndani?"

Ndinakhalabe chogwada m'matopemo.

"Dzukani, a Lameki. Mukunyowa."

Yusufu anatitengera kumanda. Mulu unali wofiira, wonyowa, mapazi a anthu ali ponseponse. Ambuye anagwada movutika, anatapa dothi katatu monga amachitira kwawoko, n'kuthira pamwamba pa linzake. Analankhula m'Chiyao mawu ochepa, ndipo ndinamvapo awiri okha, "achimwene" ndi "Saidi". Kunyumba, chemwali awo okalamba, amene monga amayi onse sanapite kumanda, anawagwira kumaso n'kulira kuti, "Wachedwanso, Saidi, wachedwanso." Sanadziteteze, ndipo dzina langa sanalitchule.

Tinabwerera patapita masiku atatu. Galimoto tinaikoka, thanki tinatsuka. Za maola awiri aja sanazitchulenso, ngakhale kamodzi, ndipo malipiro anga sanachotsepo kanthu.

M'mawa wotsatira ndinalowa m'nyumba cha m'ma sikisi kukatenga makiyi. Chitseko cha kachipinda kaja chinali chotsegula, chotchingidwa ndi njerwa kuti mphepo isachitseke. Ambuye anali chogwada, msana kwa ine, akutchula mayina a ansembe awo mmodzimmodzi. Atamaliza anawonjezera la Amidu, kenako langa.

Anakhala ndi moyo zaka zina ziwiri. Njerwa ija sinachokepo, ndipo m'mawa uliwonse ndinkadutsa pamenepo ndi makiyi m'manja, nditayang'ana pansi.